Musanatumize madola a Chapman Stick, yesani kaye manja anu

Funso lachokera kwa m'bale wathu amene amaimba bezi kutchalitchi komanso mu bandi ya maukwati. Akuti: "Ndinaona pa YouTube munthu akuimba chida chachitali chopanda thupi, manja onse awiri akungogogoda mawaya, bezi ikumveka, ma chord akumveka, nyimbo pamwamba ikumvekanso, munthu mmodzi. Ndafufuza ndapeza kuti ndi Chapman Stick, komanso ndikuona zina ngati Warr Guitar ndi Harpejji, zina za mawaya 8, zina 10, zina 12. Ndigule chiti? Nanga munthu wa bezi ngati ine ndingaphunzire bwanji poti wondiphunzitsa ndilibe?"

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Ndiyankha motalikirapo chifukwa ndalama zake sizamasewera, ndipo mukagula cholakwika simungangochiika pa status mawa lake nkupeza wogula, anthu ofuna chida chimenechi kwathu kuno ndi ochita kuwerenga ndi zala.

Tiyambe ndi chimene munaonacho. Anachipanga ndi Emmett Chapman, woimba gitala ya jazz wa ku California ku America. Mu 1969 iyeyu anaimika neck ya gitala yake chilili, nkubweretsa dzanja lamanja kuti nalonso lizidinda mawaya pa ma fret kuchokera mbali inayo, manja awiri kuyang'anizana, zala zonse zitagona motsatira ma fret. Njira imeneyi anaitcha Free Hands. Anakhala zaka zisanu akusema ndi kukonza chida choyenera kaimbidwe kameneka, ndipo mu 1974 anayamba kugulitsa kudzera ku kampani yake ya Stick Enterprises. Mwiniwakeyo anamwalira mu 2021 koma kampani ikupangabe. Kugogoda mawaya sikunayambe ndi iye ayi, Jimmie Webster ankaphunzitsa kale m'ma 1950, ndipo Eddie Van Halen anazitchukitsa mu rock cha m'ma 1978, koma awo dzanja lamanja limabwera chogona motsatira waya nde zala zogwira ntchito zimakhala chimodzi kapena ziwiri. Pa njira ya Chapman dzanja lililonse limatha kugwira chord yathunthu palokha, ndipo kusiyana konse kwagona pamenepo.

Pa bezi yanu noti imodzi imafuna manja awiri, lamanzere lidinde, lamanja likoke. Pa Stick chala chimodzi chikagunda waya kuti akhudze fret, noti yatuluka basi. Kuti zimenezi zitheke mawaya amakhala pansi kwambiri pafupi ndi ma fret, neck imakhala yowongoka kuti njo, ndipo kumtunda kuli kansalu kokhuthala kotchedwa damper komwe kamatseka mawaya onse amene simunawagwire kuti asamalire okha. Chifukwa cha damper imeneyi palibe waya wolira open ngati E wa bezi yanu, ngakhale pochuna mumachita kudinda pa fret kenako nkuyang'ana tuner. Mawayawo agawidwa magulu awiri, la bezi ndi la melody, ndipo gulu lililonse lili ndi pickup yake, kachida kotola mawu a mawaya, ndi njira yake yotulukira, nde chingwe chimodzi chimachoka pa chida nkukagawikana pawiri kutsogolo.

Tsopano langizo langa lalikulu, ndipo mukaiwala zina zonse ili lokha musaliiwale: musagule kanthu miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi. Tengani gitala ya magetsi, yanu kapena yobwereka kwa mnzanu wa lead mu bandimo, muike mawaya opepuka, mutsitse action, ndekuti kutalika kwa mawaya kuchoka pa ma fret, pa bridge mpaka itatsala pang'ono kuyamba kulira zzz, kenako tengani sokisi yakale kapena ka mphira komangira tsitsi ka akazi kaja mumange momasuka pa fret yoyamba, imeneyo ndiye damper yanu. Mawaya awiri ang'ono aja muwakweze pang'ono, B akhale C, E akhale F, ndekuti gitala yonse ikhala E A D G C F, mtunda wofanana pakati pa waya ndi mnzake ngati mmene ilili bezi. Stanley Jordan, amene chimbale chake Magic Touch cha 1985 chinadabwitsa anthu a jazz, amachuna chonchi ndipo amagogoda pa gitala wamba. Kenako ikwezeni neck iyang'ane kumwamba cha ku phewa lamanzere, mukweze volume ya ampu kuposa mmene mumachitira, dzanja lamanzere lizidinda manoti a bezi pa mawaya awiri akuluakulu cha pa fret 3 mpaka 7, lamanja lizidinda nyimbo pa mawaya ang'ono kuyambira fret 12 kupita kutsogolo.

Sizimveka bwino ngati Stick yeniyeni, manja azilimbirana malo, manoti ena azifa msanga. Koma zikuuzani chinthu chimene video iliyonse singakuuzeni, kuti kodi mutu wanu ukusangalala ndi ntchito yogawa manja pawiri kapena ukungotopa nazo. Alipo anthu oimba bwino zedi amene akayesa amapeza kuti chimene amakonda pa bezi ndi kukoka waya kuja, kumumva akubwerera pa chala, slap ija, ndipo pa tapping, kugogoda kumeneku, zimenezo mulibe, kamvekedwe ka noti nkosiyana. Munthu wotero bola adziwe asanatulutse ndalama. Koma ngati pakatha milungu ingapo mukupezeka kuti usiku mukuganizabe za ka pattern kaja, chala chikugogoda pa ntchafu muli mu minibasi, pitirizani kuwerenga.

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuchuluka kwa mawaya. Ine ndimati yambani ndi kachunidwe, chifukwa ndi kamene kadzalamulire zala zanu zaka zonse. Pa Stick ya mawaya 10 yochunidwa mwa Classic, waya wamkulu kwambiri ali pakati pa neck osati m'mphepete. Ameneyo ndi C wotsika, pansi pa E wa bezi ya mawaya 4, pamwamba pang'ono pa B wa bezi ya mawaya 5. Kuchokera pakatipo kubwera cha kunkhope kwanu mawaya a bezi amakwera C G D A E, ndekuti ma fifth, mtunda wa ma fret 7 pakati pa waya ndi mnzake, pomwe inu munazolowera ma fourth, ma fret 5. Kuchokera pakati pomwepo kupita mbali inayo kuli mawaya asanu a melody, amenewo amakwera mwa ma fourth. Ndipo manja amadutsana: lamanzere limadumpha mawaya a melody kukagwira a bezi kumtunda kwa neck, lamanja limadumpha a bezi kukagwira a melody kumunsi. Koyamba mukamaona zimakhala ngati anasokoneza dala, koma pali nzeru yake, chifukwa kukwera fifth mbali iyi ndi kutsika fourth mbali inayo kumakufikitsani pa dzina la noti lomwelo, nde shape ya chord imene mwaphunzira ku dzanja limodzi imagwiranso ntchito ku linalo.

Ubwino wa ma fifth mudzaumva tsiku loyamba lomwe. Dindani C pa waya wamkulu, chala china pa fret yomweyo pa waya wotsatira ndi G, kenako pa waya wachitatu pitani ma fret awiri kutsogolo mwapeza E wa pamwamba. Zala zitatu, chord ya C major yotambasuka bwino, yosadzadzana matope ngati mmene ma chord amamvekera mukawagwira pansi pa bezi wamba. Mukafuna minor chala chachitatucho chibwerere fret imodzi. Ndi mmene woimba piyano amatambasulira dzanja lamanzere, ndipo munthu woimba yekha, kuperekeza nyimbo ya m'buku kapena kuimba pa phwando laling'ono popanda bandi, izi ndi chuma. Koma mtengo wake ulipo. Ma line othamanga okwera noti ndi noti, aja mumathira pa sebene kapena pa chorus kutchalitchi mpingo ukaimirira, pa ma fifth amafuna dzanja lizisuntha kwambiri chifukwa manoti oyandikana atalikirana, komanso zonse zimene zala zanu zinasunga zaka zonsezi ziyamba kukunamizani popeza waya wamkulu ali mbali ina ndipo mtunda wasintha.

Nde dzifunseni moona mtima kuti mukufuna kukachita nacho chani. Ngati cholinga ndi kukhalabe munthu wa bezi mu bandi koma muziwonjezera tima chord ndi timizere pamwamba, yang'anani zida za ma fourth okhaokha. Stick Enterprises omwewo ali ndi Stick Bass ya mawaya 8, komanso NS/Stick ya mawaya 8 imene Chapman anapanga limodzi ndi Ned Steinberger, imeneyi mutha kuigogoda komanso kuikoka ndi zala kapena kuimenya slap ngati bezi wamba, ndipo kwa munthu wa maukwati amene nyimbo imodzi ikufuna ichi ina ikufuna icho, ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri. Ngati cholinga ndi chimene munaona pa video chija, munthu mmodzi kukhala bandi yonse, pitani ku ya mawaya 10 kapena 12 ndipo mulandire ma fifth, muwaphunzire ngati chida chatsopano osati ngati bezi yachilendo. Kuliponso kachunidwe kotchedwa Mirrored 4ths komwe mbali ya bezi imakhala ma fourth koma waya wamkulu ali pakati pomwe paja, ena ochokera ku bezi amakakonda, vuto ndi loti mabuku ndi ma video ophunzitsira ambiri analembedwera ma fifth, nde muzichita kumasulira nokha chilichonse, ndipo inu mwanena kale kuti mphunzitsi mulibe.

Za 10 kapena 12 musataye nazo tulo. Ya 12, imene amaitcha Grand Stick, imakupatsani waya mmodzi wowonjezera mbali iliyonse, neck nkukula m'lifupi, mtengo nkukwera. Ngati zala zanu ndi zazifupi kapena ndalama ndi zoperewera, 10 ikukwanirani zaka zambirimbiri. Chomwe ndingakuuzeni ndi choti pa ya 10 muganizire kachunidwe ka Matched Reciprocal, komwe mbali ya melody yatsitsidwa ma fret awiri kuchoka pa Classic kuti mayina a mawaya akhale C G D A E mbali zonse ziwiri, mutu umapumako chifukwa mapu oloweza ndi amodzi. Ndipo mukasankha, khalani pomwepo chaka chathunthu. Matenda a anthu ambiri ogula zida zimenezi ndi kusinthasintha kachunidwe mwezi uliwonse poganiza kuti kuvutako kwachokera kumeneko, mawaya nkumagula atsopano chifukwa makulidwe ake amayenderana ndi kachunidwe, chaka nkutha osatha kuimba nyimbo ngakhale imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Zina munatchula zija ndidutsemo mwachangu. Warr Guitar amapanga ndi Mark Warr ku California komweko, ili ndi thupi ngati gitala, nde ndi yolemera ndipo mawu ake ndi onenepa, Trey Gunn ndi amene anaitchukitsa ali mu bandi ya King Crimson. Touch Guitars ndi za Markus Reuter wa ku Germany, yodziwika kwambiri ndi U8 ya mawaya 8 omwe manja onse amagawana gulu limodzi la mawaya. Kulinso Megatar yomwe ambiri ankaithamangira chifukwa chotsikirapo mtengo. Harpejji ndi nkhani ina, imapangidwa ndi Marcodi ku Maryland, imagona chathyathyathya pa stand ndipo mumaiimba zala zikuyang'ana kutsogolo ngati pa kiyibodi, ili ndi timadontho toyera ndi takuda tosonyeza manoti. Stevie Wonder amaiimba. Mukanakhala munthu wa kiyibodi ndikanakulozerani kumeneko, koma inu manja anu anakulira pa neck, nde Stick kapena abale ake ndi amene ali pafupi nanu.

Ndalama. Yatsopano werengerani madola kupitirira 2,000 musanaike case, kutumiza ndi msonkho, komanso zambiri amapanga munthu akaitanitsa nde pamakhala kudikira miyezi. Ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023 ndi 44 peresenti komanso kuvuta kwa forex, imeneyi ndi ndalama yoti mukhale pansi ndi akunyumba. Funsani a MRA za duty ndi VAT musanalipire kalikonse kuti musadzadzidzimuke katundu atafika kale. Ngati muli ndi m'bale ku America kapena ku UK amene akubwera, kumutuma ndi njira yabwino, koma mumuuziretu kuti chidachi ndi chachitali kupitirira mita imodzi ngakhale kuti nchopepuka, makilo atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chiyende mu case yolimba. Ndipo pa order yomweyo muikepo ma seti awiri a mawaya apadera. Mawaya a tapping amakhalitsa chifukwa palibe chowakanda, bola muziwapukuta thukuta mukamaliza, koma tsiku limene kawaya kakang'ono kadzaduke simudzakapeza seti yake mu shopu ya zoimbira mtauni.

Pa nkhani ya chopangira, zilipo za mitengo yolimba, za nsungwi zomatidwa, komanso Railboard yomwe neck ndi ma fret ake anazisema kuchokera ku chitsulo chimodzi cha aluminiyamu. Kwathu kuno kumene October kumauma gwa kenako January chinyezi chili thoo, mtengo umasuntha ndithu, ndipo pa chida choti mawaya ali pafupi chonchi kusuntha pang'ono kokha mumakumva ku zala. Railboard chinyezi sichiikhudza motero. Ena saikonda poti imazizira m'manja ndipo mawu ake ndi owala, ine ndimaiona kuti kwa munthu amene alibe wokonza zida zotere pafupi ndi chisankho chabwino.

Yogwiritsidwa kale ntchito imatsika mtengo ndipo zimapezeka pa intaneti, pa Reverb ndi eBay, koma chenjerani. Pemphani serial number, zithunzi za kutsogolo ndi kumbuyo, ndi video yoti mwiniwakeyo akudinda fret iliyonse pa waya aliyense, inde zonse, chifukwa fret imodzi yodyeka kapena yotukuka pa chida chimenechi ndi noti yakufa. Funsani ngati ili ndi truss rod yosinthika, kachitsulo kowongolera neck, ndi bridge yosinthika, chifukwa zina zakale kwambiri za m'ma 1970 zilibe, ndipo zimenezo zisiyireni osonkhanitsa zakale. Wogulitsa akamakana video kapena akamakukakamizani kutumiza ndalama kunja kwa njira yotetezedwa, musiyeni.

Za ampu anthu amaiwala kuziwerengera. Kumbukirani kuti mukutulutsa mawu awiri. Njira yabwino ndi bezi ku ampu ya bezi, melody ku ampu ya gitala kapena kudzera mu ka multi effects, koma ngati muli ndi ampu ya kiyibodi ya ma channel awiri kapena mixer ndi sipika ya PA, zimenezo zikwana bwinobwino, mwinanso kuposa, chifukwa zimanyamula kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chimodzi chokha: ngati pickup yake ndi passive, ndekuti yopanda batire, monga ija amaitcha Stickup, musailowetse chindunji mu line input ya mixer, mawu amatuluka owonda ngati chida chadwala, idutse kaye mu preamp kapena DI yolandira gitala. Ya active monga ACTV-2 vuto limeneli ilibe koma imafuna batire. Ka reverb pang'ono ku melody, bezi isiyeni youma. Ndipo pezani ka headphone amp ka batire kuti magetsi akazima practice isaime, chifukwa chidachi chopanda ampu chimangonong'ona ndipo mukazolowera kuchiimba choncho mudzayamba kumenya mwamphamvu kuti mumve, chimene ndi chizolowezi choipa kwambiri.

Chikafika, phunzirani truss rod musanaphunzire nyimbo. Ili kumbuyo poonekera, ndipo anaiika poyera dala kuti mwiniwake azisintha yekha. Pa bezi munazolowera kusiya neck itapindika pang'ono kuti waya apeze malo ovinira, apa ayi, ikhale yowongoka. Mukaona kuti pakati pa neck mawaya atalikira ndipo mukuchita kukankha kuti noti ituluke, mangani pang'ono. Mukamva zzz pa ma fret oyambirira kumtunda, masulani pang'ono. Pang'ono ndikutanthauza kagawo kakang'ono ka kuzungulira kumodzi, kenako chunani, yesani, dikirani. Anthu ambiri amene amati Stick ndi yolimba kuimba amakhala akulimbana ndi neck yopindika osadziwa.

Kagwiridwe: kumbuyo kuli ka hook kokoleka pa lamba wa thalauza ndi ka lamba kena kodutsa pa phewa, chida chimaima chopendekera cha ku phewa lamanzere. Valani lamba wolimba wachikopa. Sinthani kutalika mpaka mfundo za pakati pa dzanja ndi mkono zikhale zowongoka, ngati mkono wapindika pa mfundo nkumamva kuwawa, imani, sinthani, musapirire ululu. Chala chigwere kuseri kwenikweni kwa fret, pafupi nayo, ndipo chikagunda chikhale pomwepo mopepuka, osafinya. Mukafinya noti imakwera pang'ono nkumamveka ngati simunachune. Mphamvu isachokere ku chala chokha ngati mukutayipa, dzanja lonse ndi mkono zizisuntha pang'ono kuperekeza chalacho, Greg Howard amene analemba The Stick Book amalimbikira kwambiri mfundo imeneyi ndipo ndimagwirizana naye. Ndipo mvetserani mathero a noti osati chiyambi chokha. Pa chida ichi noti imafa nthawi yomwe mwadzutsa chala, nde oyamba kumene amamveka dukuduku, timanoti todukaduka, chifukwa akudzutsa chala msanga pothamangira china. Chala chakale chidzuke pamene chatsopano chikutera. Inu a bezi mukudziwa kale kuti groove imakhala mu kutalika kwa noti, apa mwayamba muli patsogolo.

Tsopano chimene chimagwetsa anthu ulesi, kugawa manja. Ambiri amaganiza kuti akufunika mitu iwiri, wina woyang'anira kumanzere wina kumanja. Sizitheka ndipo oimba bwino sachita zimenezo. Taganizani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, misi iwiri koma kugunda kwake ndi kumodzi, uyu akatsitsa uyo wakweza, palibe amene akuwerenga zake payekha. Manja anu aphunzire choncho, ngati pattern imodzi: apa agunda limodzi, apa lamanzere lokha, apa lamanja lokha. Musanagwire nkomwe chida, gogodani pa tebulo, lamanzere kawiri pomwe lamanja likugunda katatu mu nthawi yofanana. Zitatu pa ziwiri zimenezi zili kale m'ng'oma zathu ndi m'manja mwa amayi akamaomba pa chinkhoswe, thupi lanu likuzidziwa, ntchito ndi kungozisamutsira ku nsonga za zala.

Poyeserera, sankhani nyimbo imodzi yosavuta imene mutha kuiimba pakamwa muli mtulo, ya ma chord atatu, nyimbo ya m'buku ndi yabwino chifukwa melody yake imayenda modekha. Sabata yoyamba dzanja lamanzere lokha, root ndi fifth, ndi metronome ya pa foni pang'onopang'ono mpaka muzitha kucheza ndi munthu dzanja likuyenda. Kenako lamanja lokha, melody yokha, ndipo musankhe zala zimene muzigwiritsa ntchito pa noti iliyonse nkuzisunga, osati lero izi mawa izo. Aphunzitsi ena amati zala zitatu ku melody, ena amati zinayi, zonse zili ndi akatswiri ake, tsatirani za mphunzitsi amene mwasankha. Pophatikiza musayambe ndi nyimbo yonse, tengani bar imodzi, muibwereze mochedwa kwambiri moti wodutsa panja sangaizindikire, kenako yachiwiri, kenako muzilumikize. Pamene zikusokonekera nthawi zonse ndi pamene lamanja likugunda pakati pa ma beat a lamanzere, malo amenewo alembeni papepala ndipo muwayesere paokha. Mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola anayi Loweruka lokha, ndipo muzidzijambula pa foni kamodzi pa sabata chifukwa pamene mukuimba mutu umatanganidwa moti simumva kuti bezi ikuthamanga nthawi iliyonse melody ikavuta.

Za mphunzitsi musadandaule kwambiri. Greg Howard, Bob Culbertson ndi Steve Adelson ndi mayina odziwika pa kuphunzitsa chidachi, ali ndi mabuku ndi ma video, ndipo kuphunzira kudzera pa video call nkofala pakati pa oimba Stick popeza pafupifupi kulikonse padziko ndi ochepa. Ngakhale maphunziro awiri kapena atatu okha koyambirira, oti munthu akuoneni mmene mwagwirira ndi mmene mukugundira, ndi ofunika bundle yake. Muonetsetse kuti buku kapena video ikugwirizana ndi kachunidwe kanu. Pomvetsera, inu ngati munthu wa bezi yambani ndi Tony Levin, amene waimba ndi Peter Gabriel zaka zambiri, mumvere chiyambi cha Elephant Talk pa chimbale cha King Crimson cha 1981 chotchedwa Discipline. Mudzaona kuti nthawi zambiri iye amaika manja onse awiri ku mbali ya bezi nkupanga ma line odumphadumpha oti pa bezi wamba sangatheke, ndipo imeneyi ndi njira yoti mutha kuyamba kuigwiritsa ntchito mu bandi msanga musanafike pa zoimba zigawo ziwiri. Nick Beggs, woimba Stick wina, nayenso mumusake.

Mu bandi muzikakhala ndi ulemu ndi malo a anzanu. Muli kale wa kiyibodi, wa lead, mwina ndi wa rhythm, nde inu mukabwera ndi bezi, ma chord ndi melody nthawi imodzi mudzaza paliponse ndipo oimba pakamwa asowa popumira. Kambiranani ndi wa kiyibodi kuti pa verse ma chord agwira ndani, ndipo wa pa mixer mumuuziretu kuti mukufuna ma channel awiri. Bezi yanu yakale musagulitse kuti mupezere ndalama za Stick, pa ukwati nyimbo zovina zija zidzaifunabe.

Za nthawi yophunzirira: ngati mukuyeserera tsiku ndi tsiku, ma line a bezi osavuta pa kachunidwe katsopano amabwera mu milungu yochepa, kanyimbo kamodzi ka manja awiri koimbika pamaso pa anthu apanyumba werengerani miyezi ingapo, koma kufika poti wotsogolera nyimbo wasintha kiyi mwadzidzidzi inu nkutsatira manja onse osagwa, imeneyo ndi nkhani ya zaka, monga mmene zinakutengerani pa bezi. Mukamaliza miyezi iwiri ija ya gitala ya sokisi mundilembere, mundiuze nyimbo zimene mukufuna kumaimba ndi ndalama zimene mwakonza, tidzasankhe limodzi pakati pa NS/Stick ndi ya mawaya 10.